Funsani Azakhali: Andiimitsa mgonero, kodi chipulumutso changa chatha?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 36, wa ana atatu, ndipo ndimakhala kufupi ndi Chintheche. Ndinabadwira mu CCAP, ndinalowa kalasi ndili mtsikana, ndipo ndili ndi zaka 19 ndinalandira Yesu pamsonkhano wa chitsitsimutso. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuimba kwaya, kenaka ndinalowa Umanyano.

Amuna anga anapita ku Joni kalekale. Poyamba ankatumiza ndalama, koma tsopano kuli zii, ndipo obwera kumeneko amati ali ndi mkazi wina. Kuti ana adye ndi kupita kusukulu ndinayamba geni ya usipa. Bambo wina, mwini chilimira, ankandipatsa usipa pangongole, mapeto ake tinayamba chibwenzi. Iye ndi wapabanja. Nkhani inamveka, seshoni inandiitana, ndinavomera. Andiimitsa mgonero ndipo yunifolomu ya Umanyano ndinaipinda.

Chikundisowetsa tulo ndi ichi. Bamboyo amapemphera kumpingo wina, ndipo akuti ndisadandaule chifukwa munthu akapulumuka wapulumuka basi, ngakhale achimwe bwanji, choncho tizipitiriza. Mlamu wanga akuti dzina langa linafufutidwa m'buku la moyo, ndipo anandiwerengera Ahebri 6 kuti wogwa ngati ine sangalapenso. Ndikagwada mawu satuluka. Kutchalitchi ndinasiya kupita chifukwa cha manyazi. Nthawi zina ndimaganiza kuti bola kungofa. Azakhali, woona ndani? Kodi Mulungu anandisiya?

Wosweka mtima,
Chintheche

Mwana wanga,

Ndiyambe ndi mawu amene mwawabisa kumapeto kwa kalata, akuti bola kungofa. Amenewo musagone nawo nokha. Lero lomwe uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kaya mayi anu, mchemwali wanu kapena mayi busa. Maganizowo akamabwerabwera pitani kuchipatala cha Chintheche mukafotokoze mosabisa. Kulemedwa mtima nako ndi matenda, ndipo thandizo lake lilipo. Ana atatu aja akufuna mayi wamoyo, kaya avale yunifolomu kaya asavale.

Tsono woona ndani? Pa awiriwo palibe. Bamboyo watenga chiphunzitso chabwino n'kuchisandutsa nyambo yokukolerani. Mlamu wanu watenga vesi loona n'kuliloza kwa munthu amene vesilo silikunena.

Mkangano umene wakugwerani pakhomowu ndi wakale. Ku Netherlands, otsatira a mphunzitsi wina dzina lake Jacobus Arminius anayamba kufunsa ngati n'zoonadi kuti wokhulupirira sangagwe n'kutayikiratu. Msonkhano waukulu unachitikira mumzinda wa Dordrecht kuyambira 1618 mpaka 1619, ndipo unagamula kuti amene Mulungu wamupatsa moyo watsopano amamusunga mpaka kumapeto. Mu 1646 akuluakulu ena amene anasonkhana ku Westminster, mumzinda wa London, anamaliza kulemba chivomerezo cha chikhulupiriro chimene mipingo ya Chipresibeteriya ya ku Scotland inkatsatira. Amishoni amene anabweretsa mpingo wanu kunyanja kuno anakulira m'chiphunzitso chimenecho.

Mutu 17 wa chivomerezocho ukunena zinthu ziwiri, ndipo bamboyo wakuuzani chimodzi chokha. Choyamba, wokhulupirira weniweni sangagwe kotheratu, osati chifukwa iye ndi wolimba, koma chifukwa cha chikondi cha Atate chosasinthasintha, mapemphero a Khristu omupembedzera, ndi Mzimu wokhala mwa iye. Maziko ake ndi malemba monga Yohane 10:27-29, pamene Yesu akulonjeza kuti nkhosa zake palibe angamulande, ndi Afilipi 1:6, pamene Paulo akutsimikiza kuti Mulungu sasiyira panjira ntchito imene waiyamba mwa munthu. Chachiwiri, mutu womwewo ukuvomereza kuti wokhulupirira ameneyu angathe kugwa m'tchimo lalikulu n'kukhalamo kanthawi. Akatero amamvetsa chisoni Mzimu, chimwemwe chimamuthawa, chikumbumtima chimavulala, amapweteka anthu ena ndipo amadziitanira chilango pansi pompano. Kodi si zimene mwandilembera? Kusowa tulo, pemphero louma, manyazi. Anthu analemba za inu zaka mazana apitawo, ndipo sanakuikeni m'gulu la otayika.

Ndisakubiseni, mipingo ina imaona mosiyana. Akatolika amaphunzitsa kuti tchimo lalikulu limachotsa chisomo mumtima, ndipo munthu amabwezeredwa akalapa m'sakramenti la kulapa. A Methodist, potsata John Wesley, pamodzi ndi a Assemblies of God ndi a Seventh-day Adventist, amati munthu angathe kutaya yekha chipulumutso pokana Khristu kapena poumirira m'tchimo. Mkanganowu sindingauthetse m'kalata imodzi. Koma taonani pamene onsewa amakumana. Palibe mpingo mwa imeneyi umene umati wopulumuka azichimwa mtima uli m'malo. Palibenso umene umati wochimwa amene akulira n'kufuna kubwerera watsekeredwa khomo. Pamafunso anu awiri aja, Mkatolika ndi Mpresibeteriya akuyankhani chimodzimodzi.

Za bamboyo tisatalikitse. Funso loti kodi tizichimwabe poti chisomo chilipo, Paulo analifunsa yekha pa Aroma 6:1-2 ndipo analikana kwamtuwagalu. Chiphunzitso cha mpingo wanu chimati Mulungu amasunga anthu ake powabweza kutchimo, osati powasiya agone m'menemo. Munthu amene akuchimwa mopanda mantha, n'kumatchula mavesi kuti akope mkazi wamwini, sakuonetsa kuti chipulumutso sichitha. Akungopatsa anthu chifukwa chofunsira ngati anachilandira n'komwe. Ndipo dzifunseni: akadakhala mkazi wake amene akuuzidwa mawu omwewo ndi mwamuna wina, akadaomba m'manja?

Za mlamu wanu n'zofunika kufatsa nazo, chifukwa Ahebri 6:4-6 yasowetsa mtendere Akhristu ambiri. Kalata imeneyi inalembedwa kwa anthu amene anazunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo ena ankafuna kubwerera m'mbuyo n'kumusiyiratu Khristu. Akatswiri a Baibulo amasiyana pa funso loti anthu otchulidwa pamenepo anali opulumuka enieni kapena ongolawa. Koma tchimo limene likunenedwa n'lodziwika: kumukana Yesu poyera, mwadala, utadziwa choonadi, n'kumunyoza. Munthu wotere safunanso kulapa. Salembera azakhali usiku kufunsa ngati Mulungu akumufunabe. Mlamu wanu akadapitiriza kuwerenga mpaka vesi 9, akadapeza mlembi yemweyo akulimbikitsa owerenga ake kuti akuyembekezera zabwino za iwo. Ndipo buku la moyo silikhala m'nyumba mwa mlamu aliyense.

Mfumu Davide anatenga mkazi wa Uriya n'kuphetsa mwini wake (2 Samueli 11). Anakhululukidwa atalapa, ngakhale zotsatira za tchimolo zinasautsa nyumba yake moyo wake wonse. Petro anamukana Yesu katatu. Koma pa Luka 22:31-32, asanagwe n'komwe, Yesu anali atamuuza kale kuti wamupempherera, ndipo anamupatsiratu ntchito yoti adzagwire akadzatembenuka. Pa Yohane 21 anakamupeza m'mbali mwa nyanja atachezera usiku wonse ndi khoka osapha kanthu, anamudyetsa nsomba zootcha, n'kumubwezera paudindo. Chimene chinamusunga Petro si mphamvu zake, pakuti zinatha pamaso pa mtsikana wantchito. Linamusunga pemphero la Mbuye wake.

Ndikuona kuti m'mutu mwanu mwasakanikirana mabuku awiri: kaundula wa mpingo ndi buku la moyo. Si inu woyamba m'dera lanulo. Robert Laws atasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe mu 1881, amishoni ankaopa kubatiza anthu osakhwima, moti munthu ankadikira zaka m'makalasi asanalandiridwe. Ambiri anatopa n'kudikira. Elliot Kamwana, Mtonga wa komweko, atabwera ndi uthenga wa Watch Tower mu 1908, anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yowerengeka, mpaka boma la atsamunda linamuchotsa m'derali mu 1909. Anthu anali ndi ludzu lofuna kutsimikiza kuti alowa, kuti dzina lawo lalembedwa penapake. Ludzu lomwelo muli nalo inu. Koma zaka za m'kalasi sizipulumutsa munthu, ubatizo wamsangamsanga supulumutsa, yunifolomu nayo sipulumutsa. Choncho kuipinda sikungakulandeni chimene sinakupatseni.

Seshoni ili ndi mphamvu yokuimitsani mgonero, ndipo musaikwiyire, chifukwa munalakwadi. Koma cholinga cha mwambo wa mpingo ndi kubweza wolakwa, osati kumutaya. Chivomerezo cha Westminster chija chikutero pamutu 30, ndipo Paulo pa 2 Akorinto 2:6-8 akuuza mpingo kuti munthu amene walangidwa mokwanira akhululukidwe ndi kutonthozedwa, kuopa kuti chisoni chingamumize. Mbiri ya sinodi yanu ili ndi chitsanzo. Mu 1914 Livingstonia inadzoza abusa ake oyamba achikuda atatu: Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Patapita zaka zochepa, a Chirwa anavomera tchimo la chigololo n'kuchoka paubusa. Sanathawe mpingo. Anakhala pansi pa mwambo zaka zingapo, mu 1924 anabwezeredwa paubusa, ndipo anatumikira molemekezeka ku Loudon, komwe lero timati Embangweni. Ngati mpingo umenewu unabwezera mbusa kuguwa, ungalephere kubwezera mayi wa Umanyano pampando wake?

Mwina mukuti, nanga ndidziwa bwanji kuti ndinapulumukadi ndili ndi zaka 19? Musataye nthawi kufukula tsiku limenelo, kuyesa ngati munalira mokwanira. Funso lothandiza ndi la lero. Kodi tchimoli mukudana nalo, kapena mukungodana ndi kugwidwa? Kodi mukufuna Khristu, ngakhale kumutsata kukutayitseni usipa wapangongole? Ngati yankho ndi inde, lonjezo la pa 1 Yohane 1:9 lokhululukira ovomereza machimo awo ndi lanu, ndipo pa Yohane 6:37 Yesu akutsimikiza kuti sapirikitsa wobwera kwa iye. Pemphero likakanika musadabwe. Aroma 8:26 akuti Mzimu amathandiza pamene ife tasowa ponena. Tsegulani Salimo 51, pemphero la Davide atagwa, muliwerenge mokweza kufikira mawu anuanu atabwerera.

Tsono kulapa kuoneke ndi ntchito. Chibwenzicho chithe lero, osati mwezi wamawa. Musapite kukatsanzikana naye panokha, mutumireni uthenga ndipo nambala yake muitseke. Ngongole ya usipa iwerengedwe pamaso pa mboni, mkulu wa mpingo kapena wa kwa amfumu, ndipo muzibweza kudzera mwa mboniyo, chifukwa ngongole imeneyo ndiyo inatsegula khomo. Mpamba wa geni ufuneni kubanki m'khonde kapena kwa abale, ndipo usipa muzigula kwa asodzi ena, ndi bwino muli ndi amayi anzanu. Mukayezetsenso magazi kuchipatala, kuti mudziwe mmene mthupi mwanu mulili. Mkazi wa bamboyo munamulakwira. Musamupitire nokha, koma funsani abusa njira yabwino yopepesera.

Nkhani ya amuna anu musaisiye. Mlandu suola, ndipo ndi bwino aimve kudzera mwa ankhoswe kusiyana n'kuimva pa WhatsApp kwa anthu amiseche. Pabwalo lomwelo ankhoswe amvenso mbali yanu. Mwamuna wosiya mkazi ndi ana atatu osatumiza ngakhale ya sopo nayenso ali ndi mlandu, kwa ankhoswe ndi kumpingo komwe. Kulakwa kwake sikufufuta kwanu, koma kwanunso sikufufuta kwake. Achibale ake anene poyera ngati banja lilipo kapena latha, ndi mmene ana azithandizidwira. Wina aliyense akakuopsezani kapena kufuna kukulandani ana ndi katundu, pitani kupolisi ku ofesi ya Victim Support Unit.

Kwa amayi a Umanyano ndi akulu a mipingo amene mukuwerenga tsamba lino, mawu anga ndi awa. Munthu mukamuimitsa mgonero, muyendereni kuposa kale. Agalatiya 6:1 akuti wogwa abwezedwe mofatsa, ndipo wobweza mnzake adziyang'anire yekha. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja muli amayi ambiri amene amuna awo anatchona ku Joni. Kuwafunsa ngati ana adya tchimo lisanachitike n'kwaphindu kuposa kuwaitanira kuseshoni litachitika.

Inu mwana wanga, Mulungu sanakusiyeni. Mwachimwa, mwavulala, mwavulazanso ena, koma simunatayike. Pitani kwa abusa anu sabata ino mukawauze kuti mukufuna kubwerera, akuuzeni zoyenera kutsata, ndipo muzitsate modzichepetsa ngakhale zitatenga nthawi. Lamulungu likubwerali sambitsani ana, valani chitenje chanu, mukalowe m'tchalitchi. Anthu adzakuyang'anani sabata yoyamba ndi yachiwiri, kenaka adzatopa. Anakuletsani mkate ndi chikho kwa kanthawi, sanakuletseni kumva Mawu. Musadzipatse nokha chilango chimene mpingo sunakupatseni.

Ndine,
Azakhali anu