Musatenthe mapepala a malemu

Maliro akatha, njinga, zovala ndi mipando zimapeza eni ake msanga. Sutukesi ya mapepala ndiyo imasowa woitenga, mapeto ake imayatsira mbaula kapena kudyedwa ndi chiswe kunsi kwa bedi. Chonsecho m'menemo mumakhala makalata amene agogo ankalemba ali ku migodi ya ku Joni pa Wenela, maulaliki olembedwa pamanja, mwinanso buku la nthano limene aphunzitsi opuma sanathe kusindikiza. Ofufuza mbiri amasowa zinthu zotere, ngakhale mwini wake sanali munthu wotchuka.

Mapepala otere mungawapereke ku laibulale, koma yambani mwagwirizana pabanja kuti pasadzabuke mlandu. Wilo, mapepala a malo ndi a penshoni musapereke ayi, amenewo ndi anu.

Otsalawo musawasanje mwatsopano. Mtolo umene malemu anamanga pamodzi ukhale momwemo, chifukwa kasanjidweko kamathandiza kudziwa kalata imene ikuyankha inzake. Chotsani mapini ochita dzimbiri. Pepala long'ambika musalimate ndi selotepu, pakuti guluu wake amasiya banga lachikasu losachoka. Kumatitsa pulasitiki kumene ambiri timathamangira n'koipa koposa: pepala likalowamo silitulukanso bwinobwino. Ikani zonse m'katoni youma, pamwamba, kutali ndi khoma lachinyezi. Zithunzi zilembeni kumbuyo ndi pensulo, dzina, malo ndi chaka, azakhali amene akuwadziwa anthuwo akadali moyo. Ntchito imeneyi ndiyo yosafunika kuzengereza.

Kenako lankhulani ndi woyang'anira laibulale musananyamule katundu. Laibulale ya University of Malawi ku Zomba ili ndi gawo losunga zolembedwa zokhudza dziko lino, ndipo National Archives ilinso mumzinda womwewo. Muwauze kuti malemu anali yani, ankagwira ntchito yanji, ndiponso mapepalawo ndi a zaka ziti. Mgwirizano ukhale wolembedwa: kodi mwapereka kapena mwabwereketsa? Wofuna kusindikiza adzapempha kwa yani? Ngati muli makalata a zinsinsi za banja, pemphani kuti asawerengedwe mpaka patapita zaka zimene mwagwirizana.

Laibulale nayonso imaona ngozi. Mu Disembala 2015, ya Mzuzu University inapsa ndi moto, mabuku ambirimbiri n'kusanduka phulusa. Choncho musanapereke, jambulani tsamba lililonse pafoni ndipo mutumizire abale awiri kapena atatu kuti asungeko.