PHUNZIRO LA KHAMA: MNYAMATA WA PA MAKINA A THONJE

M'dziko lathu la Zambia palibe mwana wa sukulu amene sanamvepo dzina la David Livingstone. Tidziwa kuti anafika ku Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1855, ndi kuti anafera kwa mfumu Chitambo m'caka ca 1873. Koma cimene ndifuna tiphunzire pamodzi, abale, si maulendo acewo ai, koma zaka 13 zimene anthu sazichula kawirikawiri, zaka zimene munthuyo anali kuumbidwa.

Iye anabadwa pa 19 March 1813 ku Blantyre, mudzi wa m'dziko la Scotland, umene mzinda wa Blantyre wa m'Malawi unatengako dzina. Makolo ace anali osauka, ndipo banja lonse linali kugona m'cipinda cimodzi. Atafika zaka 10 analowa nchito m'nyumba ya makina opota thonje, kumene anali kulumikiza ulusi ukaduka. Anali kuyamba 6 koloko m'mamawa, naweruka 8 koloko usiku. Ataweruka anali kupita ku sukulu ya usiku kufikira 10 koloko, ndipo pofika kunyumba anali kuwerenganso kufikira pakati pa usiku, kapena kufikira amace atamlanda buku. Pa malipiro ace a sabata loyamba anapatulapo ndalama nagula buku lophunzirira Cilatini.

Tsono taonani cimene anacita ali pa nchito. Anaika buku lace lotsegula pa makina pomwepo, ndipo popita ndi pobwera m'kulumikiza ulusi anali kuponyapo maso, nawerenga mzere umodzi, naulingalira poyenda, nabweranso kudzatenga mzere wina. Makina anali kusokosa, koma iye anazolowera kusunga maganizo ace pakati pa phokoso. Ndipo pambuyo pace anacitira umboni kuti cizolowezi cimeneci cinamthandiza kuwerenga ndi kulemba ngakhale pakati pa ana osewera, kapena pa mudzi pamene pali gule. Anacita cotero kufikira m'caka ca 1836, pamene ndalama zimene anasunga zinamlowetsa m'sukulu ya using'anga ku Glasgow. Ngakhale pamenepo sanasiye makina: miyezi yozizira anali pa sukulu, miyezi yofunda anali kupota thonje kuti apeze ndalama za caka cotsatira.

Ambiri a ife timati, Ndikadzapeza nthawi ndidzaphunzira. Mnyamata uyu sanaipeze nthawi ai. Anaitola, monga mkazi wanzeru atola ngala zotsala m'munda okolola atapita. Werengani nokha pa kalendala wa m'buku lino. Caka ciri ndi masiku 365. Munthu wopatula mphindi 10 zokha tsiku ndi tsiku adzakhala atasonkhanitsa mphindi 3,650 pakutha pa caka, ndiwo maora oposa 60. Ndani wa ife alibe mphindi 10, podikira nsima, kapena pokhala pa mthunzi ng'ombe zirikudya? Akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Ine ndaona amuna ndi akazi amene anaphunzira kuwerenga atakula kale, nakondwera kwambiri, koma patapita zaka ziwiri zitatu anaiwala zonse. Sikuti anali opusa. Colakwa cinali cakuti kuwerengako kunalibe malo ace m'tsiku lao. Cizolowezi cifanana ndi njira ya ku citsime: palibe anailambula ndi khasu, mapazi okha ndiwo anaipanga, koma citsime cikaphwa, dzinja limodzi likwanira kuti udzu uibise. Cifukwa cace, mukafuna cizolowezi cabwino, musayambe ndi zambiri. Sankhani cimodzi, ndipo mucimangirire pa nchito imene mumaicita kale masiku onse, monga Livingstone anamangirira buku pa makina. Wofuna kuwerenga aike buku pamene amakhala akaweruka ku munda. Wofuna kusunga ndalama apatule zosungazo tsiku lomwelo wagulitsa mtedza, asanafike pa sitolo.

Musaganize kuti munthu wa khama sagwa. Pamene Livingstone anali kuyesedwa ndi bungwe la London Missionary Society, anamtuma tsiku lina kukalalikira pa mudzi wa Stanford Rivers ku England. Anaimirira, nawerenga mau, ndipo zonse zimene analoweza zinamthawa m'mutu. Anatsika pa gome nacoka ndi manyazi. Mphunzitsi wace sanamcitire umboni wokoma, ndipo kunatsala pang'ono kuti amkane; koma anamwonjezera nthawi ya kuyesedwa, iye napitiriza. M'caka ca 1840 anatsiriza maphunziro a using'anga, ndipo m'caka ca 1841 anafika ku Africa. Kumeneko anayambanso monga mwana: anapatukana ndi Azungu anzace miyezi 6, nakhala pakati pa Abakwena, kuti aphunzire cinenero cao ndi makhalidwe ao.

Koma ndiyenera kunena zoona zonse. Khama liri ndi mbale wace wofanana naye nkhope, dzina lace liuma, ndipo Livingstone sanawasiyanitse nthawi zonse. M'caka ca 1858 anabwera ndi sitima, ali wotsimikiza mtima kuti mtsinje wa Zambezi udzakhala mseu wolowera m'kati mwa dziko. Atafika pa mathithi a Cahora Bassa, kumtunda kwa Tete, miyala inakana. Koma iye anacedwa kubvomera, nayembekeza kuti madzi akadzala sitima yamphamvu idzapyola. Ulendowo unadzala ndi mikangano, mkazi wace Mary anamwalira ku Shupanga m'caka ca 1862, ndipo boma la Britain linauitanitsa ulendo wonse m'caka ca 1863. M'zaka zace zotsiriza analondola mtsinje wa Lualaba pouyesa mutu wa Nile, pamene madzi ace apita ku Congo. Ine ndiyesa kuti kusiyana kuli apa: wakhama sasiya nchito, koma amva uphungu nasintha njira, waliuma agunda mwala womwewo cifukwa ca manyazi a kubwerera. Mlimi wobzala cimanga caka ndi caka pa nthaka yoguga, osamvera omuuza kuti asinthanitse ndi mtedza kapena nyemba, asadziche wakhama.

Cizolowezi ca pa makina cija sicinamcoke kufikira imfa. M'maulendo ace anali kulemba za tsiku ndi tsiku: mitsinje, mitengo, matenda, maina a mafumu. M'caka ca 1871, ali ku Nyangwe, mapepala ndi inki zinamthera; pamenepo anatenga nyuzipepala yakale, nafinya madzi a njere za cipatso, nalemba pamwamba pa zosindikizidwazo. Zolembazo zinafufuma ndi zaka, kufikira m'caka ca 2011, pamene akatswiri anaziunika ndi kuwala kwa mitundu mitundu, naziwerenganso. Mau ace otsiriza m'buku la masiku anawalemba pa 27 April 1873, atafooka kotero kuti anali kunyamulidwa pa macila, kutatsala masiku anai kuti amwalire.