Mwana Wanu Wothamanga: Kumuteteza ku Kuvulala

Kwa makolo ndi onse olera ana

Mipikisano ya sukulu ikayandikira, ana aliwiro amasankhidwa kuti akaimire anzawo pa kuthamanga, kudumpha ndi kuponya nthungo. Ndi chinthu chonyaditsa, ndipo masewerawa amalimbitsa mtima, mapapo ndi mafupa. Koma aphunzitsi amamuona mwanayo ola limodzi kubwalo, pamene inu mumamuona podzuka, popita kumjigo ndi pogona. Akayamba kutsimphina, oyamba kudziwa ndinu.

Kuvulala kwambiri kumabwera pang'onopang'ono

Ambiri timaganiza kuti wothamanga amavulala akagwa. Zimachitika, koma si kawirikawiri. Ku Sweden, akatswiri anatsatira kwa chaka chathunthu achinyamata ndi akuluakulu ochita masewerawa pamlingo wapamwamba, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anavulalapo m'chakacho. Pa kuvulala 10 kulikonse, koposa 9 sikunali kwa ngozi ayi, koma kolemetsa thupi mobwerezabwereza popanda kulipumitsa, ndipo kochuluka kunali kwa m'miyendo. Kuvulala kotere kumapeweka, chifukwa kumayamba kwachenjeza.

Thupi la mwana si la wamkulu

Kumapeto kwa mafupa a mwana kuli malo anthete omwe fupa limakulira. Malowa ndi ofooka kuposa mitsempha yomwe imawakoka. Pa nthawi imene mwana akutalika mofulumira, atsikana cha m'ma zaka 10 mpaka 14, anyamata 12 mpaka 16, mafupa amatsogola ndipo minofu imatsalira n'kukungika. Apa mpamene madandaulo awa amachuluka:

Chidendene. Chimapweteka mwana akathamanga kapena kudumpha, makamaka wa zaka 8 mpaka 14. Amayamba kuyendera zala.

Bondo. Pansi pake pamatuluka kachotupa kolimba kopweteka akagwada kapena kukwera chitunda. Madokotala amatcha vutoli Osgood-Schlatter.

Msongolo. Umawawa m'mbali mwake mwa othamanga mitunda italiitali. Ululu ukakhazikika pamalo amodzi oti mwana n'kuloza ndi chala, fupa likhoza kukhala kuti layamba mng'alu.

Kuseri kwa ntchafu. Mnofu umang'ambika mwadzidzidzi mwa aliwiro la mamita 100 ndi 200.

Kakolo. Amabinyika mwana akaponda m'dzenje kapena akatera molakwika podumpha.

Zimene zimaonjezera chiopsezo

Choyamba ndi kuonjezera zokonzekera mwadzidzidzi. Mwana wakhala miyezi osathamanga, kenako sabata ziwiri mpikisano usanachitike akuzungulira bwalo m'mawa ndi madzulo. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Mtunda uzionjezedwa pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Mlingo wosavuta kukumbukira ndi uwu: maola okonzekera pa sabata asapose zaka za mwanayo, ndipo akhale ndi tsiku limodzi kapena awiri opumiratu.

Muwerengerenso ntchito za pakhomo. Mwana woyenda mtunda wautali kupita kusukulu, wolima m'mawa ndi kusenza madzi madzulo, miyendo yake yagwira kale ntchito asanafike kubwalo. M'sabata za mpikisano mupepuzireniko.

Chachiwiri ndi bala lakale. Amene anavulalapo n'kubwerera asanachiretu ndiye amavulalanso msanga, kawirikawiri pamalo omwewo.

Chachitatu ndi kumumangirira ku sewero limodzi akadali wamng'ono. Bungwe loona masewerawa padziko lonse la World Athletics lili ndi ndondomeko ya ana yotchedwa Kids' Athletics, yomwe imalimbikitsa kuti mwana azithamanga, kudumpha ndi kuponya, zonse mosinthasintha. Musamuletse mpira, fulaye kapena jingo.

Chachinayi ndi njala ndi tulo tochepa. Wothamanga asapite kubwalo chilowereni m'kalasi wopanda kanthu m'mimba. Phala lotsira nsinjiro, mbatata, nthochi, nyemba, mazira, bonongwe ndi usipa wodyera pamodzi ndi minga zake zimamanga magazi ndi mafupa. Wa zaka 13 mpaka 18 agone maola 8 mpaka 10. Mtsikana amene anayamba kale msambo, ukaima miyezi 3 iye asali woyembekezera, nthawi zambiri ndiye kuti chakudya chikuchepera ntchito imene thupi likugwira, ndipo mafupa ake akufooka. Amayi, mufunseni mwachikondi ndipo mupite naye kuchipatala.

Chachisanu ndi bwalo. Mabwalo osalala ngati la Bingu National Stadium ku Lilongwe ndi ochepa; ana ambiri amathamanga pa dothi la maenje, zitsa ndi magalasi osweka. Makolo, kudzera m'komiti ya sukulu, mukhoza kukwirira maenje, kutipula mchenga wa m'dzenje lodumphiramo ndi kupatula malo oponyera nthungo kutali ndi othamanga. Mwana asavale nsapato zachilendo kapena zobwereka pa tsiku la mpikisano.

Dzuwa ndi malungo

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, ana akonzekere m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo anyamule botolo la madzi. Mwana wotentha thupi kapena amene akumwa mankhwala a malungo asathamange, ngakhale sukulu ikumudalira bwanji.

Akavulala, chitani izi

Asiye pomwepo. Ikani madzi oundana okulunga m'kansalu, kapena nsalu yonyowetsa m'madzi ozizira, kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Mangani bandeji mosathinitsa ndipo mwendo autsamiritse pamwamba. Masiku awiri oyamba musathowe ndi madzi otentha kapena kutikita mwamphamvu, chifukwa kutupa kumakula. Musateme mphini pamalo otupa. Chilondacho chimalowetsa tizilombo. Musamumwetse panado kuti akathamange ululu utabisika.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati sangathe kuponda, ngati chiwalo chapindika kapena chachita dzanzi, ngati anakomoka, kapena ngati anamva kupweteka pachifuwa pothamanga. Wachinyamata wotsimphina amene akudandaula chiuno, ntchafu kapena bondo asanagwe n'komwe, akapimidwe msanga. Ululu wopitirira sabata ziwiri, kapena womudzutsa usiku, nawonso ngofunika dokotala.

Abwerere liti kubwalo?

Abwerere pamene kutupa kwatha, akuyenda osatsimphina, ndipo atha kudumphadumpha ndi mwendo wovulalawo wokha osamva kuwawa. Ayambe ndi kuyenda ndawala, kenako kuthamanga pang'ono, liwiro libwere pomaliza. Ana ambiri amabisa ululu poopa kuchotsedwa m'timu, choncho muuzeni momveka kuti kunena si mantha, ndipo kaonaneni ndi aphunzitsi ake kuti mugwirizane tsiku loyambiranso. Mpikisano wa chaka chino ukamuphonya, wa chaka chamawa adzaupeza miyendo ili yolimba.