Phunziro 9: Pamene Mulungu Ayankha Kuti "Iyayi"

SABATA MASANA

Werengani: Deut. 3:23-27, Mat. 26:36-44, Mach. 12:1-11, 2 Akor. 12:7-10.

Vesi Loloweza: 2 Akorinto 12:9.

Mfundo Yaikulu: Kukana kwa Mulungu nakonso ndi yankho la Atate. Sichizindikiro chakuti wopemphayo watayidwa.

Mliri wa kolera umene unabuka mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma amene anakanthidwa koposa. Mu Januwale 2023 sukulu za mumzindawu zinachedwa kutsegulidwa. Odwala ochokera ku Mgona, Chinsapo ndi madera ena anagonekedwa m'mahema pa Bwaila ndi m'zipatala zina, abale awo akupemphera usana ndi usiku. Ena anabwerera kwawo ndi odwala awo atachira. Ena anakaika maliro. Kodi Mulungu anamva mbali imodzi yokha?

LAMULUNGU: Mose Akanizidwa

Kodi Mose anapempha chiyani, ndipo anayankhidwa motani? Deut. 3:23-27.

Munthu amene anapembedzera Israyeli kambirimbiri, namvedwa, anakanizidwa chopempha cha iye mwini. Atatsogolera anthu zaka 40, anangoliona dzikolo ndi maso ali pamwamba pa Pisiga. Koma Yuda 9 ndi Mateyu 17:1-3 zitisonyeza chimene Mose sanachidziwe tsikulo: anaukitsidwa, naima mu ulemerero pamodzi ndi Yesu.

LOLEMBA: Yakobo ndi Petro

Yerekezani zimene zinagwera atumwi awiriwa. Mach. 12:1-11.

Herode anapha Yakobo ndi lupanga, koma Petro anatulutsidwa m'ndende ndi mngelo. Mfumu inali yomweyo, mpingo unali womwewo, Mulungu anali yemweyo. Luka sanena kuti Yakobo anaperewera chikhulupiriro, ndipo safotokoza chifukwa cha kusiyanaku. Pamene Malemba akhala chete, ifenso tisathamangire kuweruza.

LACHIWIRI: Munga wa Paulo

Kodi Paulo analandira chiyani m'malo mwa machiritso? 2 Akor. 12:7-10.

Katatu anapempha kuti mungawo umchokere, koma sunachoke. Iye amene anaukitsa Utiko ku Trowa anasiyanso Trofimo akudwala ku Mileto (2 Tim. 4:20). Masiku ano alipo aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta odzozera, amene amauza wodwala kuti akapanda kuchira, vuto ndi chikhulupiriro chake kapena kuchepa kwa chopereka. Chiphunzitso chotere chimayesa pemphero ngati malonda a pamsika. Paulo sanagule kanthu. Anapatsidwa chisomo chomkwanira kusenza mtolo wake.

LACHITATU: Getsemane

N'zoona kuti tchimo losungidwa mumtima ndi zolinga zadyera zimatsekereza pemphero (Sal. 66:18, Yak. 4:3), choncho kudziyesa n'koyenera. Koma m'munda uja munapemphera Wopanda tchimo. Katatu anapempha kuti chikho chimpitirire, napereka chifuniro Chake kwa Atate. Chikho sichinachoke, koma mngelo anadza kudzamlimbikitsa (Luka 22:43). Ahebri 5:7 amati anamvedwa. Atate akadachotsa chikhocho, inu ndi ine tikadakhala opanda Mpulumutsi.

Kodi mungathe kupempha ndi misozi, komanso kusiyira Mulungu mawu otsiriza?

LACHINAYI: Chisoni M'banja la White

Ngakhale oyambitsa mpingo wathu sanalambalalidwe ndi imfa. James ndi Ellen White anaika mwana wawo wakhanda, John Herbert, mu Disembala 1860. Mu Disembala 1863 mwana wawo wachisamba, Henry, anamwalira ndi chibayo ali ndi zaka 16 ku Topsham, Maine. Mu 1881 James nayenso anagona. Mayi White analira, koma anatumikirabe mpaka imfa yawo mu 1915, akuyembekeza kuuka kwa akufa.

Apa ndi pamene pagona chitonthozo cha Mkristu. Wokondedwa amene sanachire akungogona, kwa iye, mphindi yotsatira ndiyo kulira kwa lipenga (1 Ates. 4:13-18). Pemphero lopempha moyo silinatayike pansi. Yankho lake lasungidwira m'mawa wa chiukitso.

LACHISANU: Mafunso Okambirana

1. Pamaliro ku Kawale kapena ku Biwi, ndi mawu ati amene timalankhula pofuna kutonthoza, koma amabaya mtima wa namfedwa? Onani Yohane 9:1-3.

2. Kodi akulu a mpingo ndi amayi a Dorika angachite chiyani kwa banja lofedwa pamene anthu abalalika pasiwa?

3. Anyamata atatu aja anatsimikiza kusagwadira fano ngakhale Mulungu akadapanda kuwapulumutsa (Dan. 3:16-18). Kodi kumvera kwanu kwatsamira pa yankho limene mukuliyembekeza?

Mwachidule: Pemphani molimbika, pakuti Atate amamva. Akakana, sachotsa dzanja Lake; amapereka mphamvu lero, ndipo zobisika adzaziulula pa kudza kwa Mwana Wake.