Sankhani mtsogoleri monga musankhira mbewu

Alimi anzanga a ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Phalula, sabata ino tisiye kaye nkhani ya mizere ndi manyowa, tikambe za voti. Mtengo wa feteleza, msika wa thonje ndi msewu wopita kudimba, zonsezi zimadutsa m'manja mwa anthu amene timawasankha.

Pa 14 June 1993 Amalawi adasankha pakati pa nyali ndi tambala, ndipo nyali ya zipani zambiri idapambana. Pa 17 May 1994 a Bakili Muluzi, a kwa Kapoloma m'boma la Machinga, adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko. Nthawi imeneyo Balaka idali mbali ya Machinga mpaka mu 1998. Kuchokera apo tavota kambirimbiri, komabe ambiri amafika pamzere mtima uli pawiri. Ena amaopa amfumu, ena amadziona ngati ali ndi ngongole chifukwa cha sopo amene adalandira pamsonkhano.

Mlimi wanzeru sagula mbewu chifukwa cha kukongola kwa paketi. Amayamba wafunsa mmene idachitira m'munda wa mnzake chaka chatha. Chitani chimodzimodzi ndi ofuna mipando, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Choyamba, dziwani ntchito ya mpando uliwonse. Kuyambira mu 2014 timavota patatu tsiku limodzi. Khansala amatengera ku khonsolo ya boma nkhani za misika, mijigo ndi misewu ya m'midzi. Phungu amapanga malamulo ndi kuvomereza ndondomeko ya chuma ku Nyumba ya Malamulo. Mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake ndiwo amayendetsa mfundo za ulimi. Wofuna ukhansala akakulonjezani kuti atsitsa mtengo wa feteleza, dziwani kuti akulonjeza mbuzi ya eni. Ndipo palibe lamulo loti onse atatu akhale a chipani chimodzi.

Chachiwiri, funsani mafunso. Thandizo la zipangizo za ulimi lakhala likusintha maina: sitata paki mu 1998, makuponi a sabuside mu 2005, AIP mu 2020 pamene thumba la feteleza lidali pa K4,495. Choncho lonjezo la feteleza wotsika mtengo si lachilendo. Funsani kuti ndalama zake zichokera kuti, alandira ndi alimi angati, ndipo afika mvula isanagwe kapena chimanga chitamasula kale.

Funsaninso za msika. Mu 2017 dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja, mitengo kuno idagwa, ndipo alimi a ku Balaka ndi Machinga adagulitsa kwa mavenda pamtengo wolira nawo. Wofuna voti yanu afotokoze chimene adzachite zoterezi zikabweranso. Safunsa adadya phula.

Chachitatu, yang'anani ntchito zakale. Amene adakhalapo kale pampando, adali kuti nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 ndi chilala cha 2024? Watsopano naye ali ndi mbiri: adayendetsa bwanji kalabu ya alimi, komiti ya sukulu kapena bizinesi yake? Kukhala mwana wakwathu, wa mpingo wathu kapena wa mzikiti wathu sikudzaza nkhokwe.

Chachinayi, musaope. Voti ndi yachinsinsi. Papepala loponyera voti sipalembedwa dzina lanu, ndipo m'kachipinda mumalowa nokha. Mfumu, mwamuna wanu kapena wapampando wa chipani sangadziwe pamene mwachonga. Wokuopsezani kuti akuchotsani m'kaundula wa feteleza chifukwa cha voti yanu akungokunamizani, pakuti alibe njira yodziwira. Lamulo la zipani la 2018 limaletsanso kugawa ndalama kapena katundu pofuna kugula mavoti. Ngati mudalandira kanthu, mulibe ngongole ndi munthu.

Ena amati kuvota n'kutaya nthawi chifukwa mavoti amabedwa. Kumbukirani kuti pa 3 February 2020 khoti lidathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019, ndipo tidavotanso pa 23 June 2020. Kuyambira pamenepo wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse. Mu 2020 boma lidasintha kudzera m'voti, ndipo lidasinthanso pachisankho cha pa 16 September 2025.

Tsiku lovota likafika, nyamukani m'mawa ndi chiphaso chanu. Yang'anani nkhope, dzina ndi chizindikiro, kenaka chongani kapena dindani chala m'bokosi limodzi lokha papepala lililonse. Mukachonga pawiri, voti yawonongeka.

Chisankho chachikulu chotsatira chili mu 2030, koma kukonzekera kuyambe lero. M'kope lomwe mumalembamo za zokolola, siyani tsamba limodzi. Lembanipo zimene khansala, phungu ndi mtsogoleri wa dziko adalonjeza mu 2025, ndipo chaka chilichonse mukakolola muzichonga zimene zachitika. Akadzabweranso ndi ng'oma ndi magalimoto, mudzangotsegula kope lanu.