Phunziro: Hanoi Kapena Hoi An?

Werengani: Luka 14:28-30, Machitidwe 17:16-23, Marko 6:30-32.

Tiyerekeze kuti mwayi wopita ku Vietnam wapezeka, koma tili ndi masiku asanu okha, ndalama ndi zochepa, ndipo limodzi mwa masikuwo ndi Sabata. Ena mwa ife akufuna Hanoi, likulu la dzikolo. Ena akuti Hoi An, tauni yakale ya m'mbali mwa mtsinje. Kufika konse kuwiri n'kovuta, chifukwa sitima yapamtunda yochoka ku Hanoi imatenga maola pafupifupi 16 kuti ifike ku Da Nang, ndipo kuchoka pamenepo pamatsala makilomita 30. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nanga tisankha bwanji?

Hanoi: mzinda wa anthu

Mfumu Ly Thai To inakhazikitsa likulu pamalopa mu 1010, ndipo lero mumakhala anthu oposa 8 miliyoni. Njinga zamoto zimadzaza misewu kuyambira m'bandakucha. Ife ophunzira tingakopeke ndi kachisi wa Van Mieu, womangidwa mu 1070, pomwe mu 1076 panatsegulidwa sukulu yoyamba ya ukachenjede m'dzikomo. Pali miyala 82 yoimikidwa pamsana pa akamba osema, yolembedwa maina a anthu amene anakhoza mayeso a boma pakati pa 1442 ndi 1779.

Paulo atafika ku Atene sanadzitsekere m'nyumba. Anayendayenda, nayang'anitsitsa zimene anthu ankapembedza, ndipo ulaliki wake unayambira pa zimene anaonazo. Ngati cholinga chathu ndi kudziwa mmene anthu a ku Vietnam akukhalira lero, Hanoi ndiye malo ake.

Hoi An: tauni imene malonda anaithawa

Kuyambira zaka za m'ma 1400 mpaka 1800, Hoi An linali doko lalikulu pa mtsinje wa Thu Bon. Amalonda a ku China, Japan, Portugal ndi Holland ankakocheza pamenepo. Kenako matope anadzaza mtsinje, zombo zikuluzikulu zinalephera kulowa, ndipo malonda anasamukira ku Da Nang. Kusiyidwako ndi kumene kunapulumutsa nyumba zake zakale zamatabwa, pakuti panalibe wozigwetsa kuti amange zatsopano. Mu 1999 bungwe la UNESCO linaika tauniyi m'kaundula wa malo osungidwa a dziko lonse.

Yesu anaitana ophunzira ake kuti apatuke akapumule pamene khamu linawapanikiza mpaka kusowa mpata wakudya. Amene watopa ndi mayeso sachimwa posankha kupalasa njinga pakati pa minda ya mpunga. Koma tisanamizidwe ndi zithunzi: madzulo alendo amadzazana pofuna kuona nyali zansalu, ndipo mu Okutobala ndi Novembala madzi osefukira amalowa m'misewu.

Tiyambe ndi Sabata

Ambiri timathamangira kunena kuti mzinda waukulu ndi Babulo, ndipo kabata ndiko kuli Mulungu. Baibulo silitiphunzitsa choncho. Mulungu anali ndi Paulo pamsika, monganso anali ndi ophunzira kuchipululu. Chosiyana chinali ntchito ya tsikulo.

Choncho tisanafunse kumene kuli kokongola, tifunse kumene tidzakhale dzuwa likamalowa Lachisanu. Sitima yausiku ndi yokopa chifukwa imatipulumutsira ndalama ya malo ogona, koma ikanyamuka Lachisanu madzulo ndiye kuti Sabata lathu lathera panjira. Ku Hanoi, misewu yozungulira nyanja ya Hoan Kiem imasanduka bwalo la zisangalalo kuyambira Lachisanu usiku, kotero chipinda chogona pafupi ndi pamenepo sichingatipatse bata. Mpingo wathu uliko ku Vietnam, ndipo likulu lake lili ku Ho Chi Minh City. N'kwanzeru kufunsiratu kumeneko za kumene abale amasonkhana tisanagule tikiti.

Chakudya nachonso chifunika kukonzekera. Chotchuka ku Hanoi, bun cha, ndi nyama ya nkhumba. Cao lau wa ku Hoi An nayenso ali ndi nkhumba. Mawu otithandiza ndi "chay", kutanthauza chakudya chopanda nyama, chimene Abuda ambiri amadya, ndipo chimapezeka m'malo onse awiri.

Womanga nsanja wa pa Luka 14 anayenera kukhala pansi n'kuwerengera asanakumbe maziko. Ifenso tilembe cholinga chathu m'chiganizo chimodzi, tiike Sabata pamalo pake, kenako masiku anayi otsalawo atsatire.

Mafunso okambirana

1. Pakali pano mukusowa chiyani kwambiri: kuphunzira za anthu ena, kapena kupuma?
2. Anzanu a paulendo akafuna kukwera sitima Lachisanu usiku, mungawayankhe bwanji popanda kuyambana?
3. Kodi pali chimene munataya m'moyo, monga Hoi An anatayira malonda, chomwe pambuyo pake chinakutetezani?