Kusintha alternator pakhomo: phunziro kwa eni galimoto a ku Hara

Mpunga ukacha m'sikimu ya Hara, galimoto iliyonse yoyenda imapeza ntchito. Probox imene chaka chonse imanyamula anthu pakati pa Uliwa ndi Karonga imayamba kusenza matumba a Kilombero kupita kuchigayo, ndipo Dyna yakale imene inkangokhala pansi pa mtengo wa mango imadzutsidwa kutulo. M'nyengo imeneyi tsiku limodzi losayenda limaluzitsa mwini galimoto ndalama zambiri, ndipo nthawi zina limasowetsa mudzi wonse chonyamulira wodwala kupita kuchipatala cha Chilumba usiku. Limodzi mwa mavuto amene amagoneka galimoto panjira ndi kufa kwa alternator, chipangizo chimene ambiri amayamba kuchidziwa tsiku limene chasiya kugwira ntchito.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti magetsi a m'galimoto amachokera m'batire. Zoona zake n'zakuti batire lili ngati nkhokwe, pamene alternator ndiye munda. Batire limapereka mphamvu yolizira injini. Injini ikalira, lamba amazunguza alternator, ndipo iyo ndiyo imayatsa nyali, kuimbitsa wailesi ndi kubwezeretsa m'batire zimene zatapidwamo. Alternator ikafa galimoto siima pomwepo. Imapitirira kuyenda ikudya za m'nkhokwe mpaka zitatha, kenako nyali zimafooka, hutala imalira mosasa mawu, injini n'kuzima. Mwini wake amathamangira kukagula batire latsopano, n'kudabwa kuona nalonso latha patangopita masiku awiri.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba si kumasula mabawuti ayi, koma kutsimikiza chimene chavuta. Kanyali kofiira kooneka ngati batire kakayaka pa dashibodi injini ikulira, sikatanthauza kuti batire lawonongeka. Kakunena kuti batirelo silikulandira moto. Mwini galimoto ayambe waona lamba. Lamba wothetheka, wolefuka kapena wonyowa ndi oyilo amatsetsereka, ndipo nthawi zambiri amalira tsweee m'mawa injini ikangolizidwa. Aonenso mitu ya batire ngati yachita zoyerayera kapena yakhwepa, ndiponso fyuzi yaikulu imene imakhala m'kabokosi pafupi ndi batire. Zitatu izi zimakonzeka ndi ndalama yochepa, koma zagulitsa anthu ma alternator amene sankafunika.

Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, pafunika kamita koyezera magetsi kamene amisiri amakatcha multimeter. Amisiri okonza mawailesi ndi oika ma sola amakhala nako, ndipo kubwereka kwa ola limodzi n'kokwanira. Injini itazimitsidwa, batire lodzaza bwino limaonetsa 12.6 volts kapena kucheperapo pang'ono. Injini ikulira, nambalayo iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts. Ikakhala pa 12 yomweyo, kapena ikamatsika nyali zikayatsidwa, ndiye kuti alternator sikutchaja. Ikapitirira 15, alternator ikutchaja mopyola muyeso, ndipo idzaphika batire ndi kupsereza mababu.

Pali kayezedwe kena kofala kwambiri m'magalaja a m'mbali mwa msewu: kuzula waya wa batire injini ikulira, kuti ikazima anene kuti alternator yafa. Njirayi inkapiririka pa galimoto za makedzana zopanda kompyuta. Galimoto zimene zikulowa pa Songwe masiku ano kuchokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam zili ndi kompyuta yoyendetsa injini, ndipo batire likazulidwa mwadzidzidzi, moto wa alternator umadumpha n'kutha kuiwotcha. Munthu amene amafuna kupewa kubwereka kamita amapezeka akusakasaka kompyuta ku Mzuzu.

Alternator ikatsimikizika kuti ndiyo yavuta, sikuti yonse ndi yotaya. M'kati mwake muli timaburashi tiwiri timene timaperesedwa ndi kuzungulira, muli regulator imene imachepetsa kapena kuwonjezera moto, muli ma diode, ndiponso maberingi awiri. Maburashi ndi regulator zimasinthika pazokha, ndipo mmisiri wa magetsi a galimoto amatha kuziika pa mtengo wocheperapo kusiyana ndi kugula chipangizo chonse. Phindu la kudziwa kumasula alternator pakhomo lili pomwepa: m'malo molipira wokoka galimoto yonse mpaka ku Karonga, mwini wake amaika chitsulocho m'thumba, n'kukwera nacho minibasi.

Amene waganiza zogula ina anyamulebe yakaleyo popita kusitolo. Galimoto za dzina limodzi zimatha kukhala ndi injini zosiyana, ndipo wogulitsa amene wamva dzina lokha lakuti Sienta kapena Hiace amapereka chimene chili pafupi. Ziwirizo ziikidwe pamodzi patebulo. Makutu olowa mabawuti afanane, pulagi ikhale ndi mapini ofanana chiwerengero ndi kaikidwe, pule ikhale ndi mizere yofanana ndi ya lamba, ndipo mphamvu yolembedwa pa chikwangwani chake, monga 70A kapena 80A, isachepere pa ya yakaleyo. Malole ambiri okhala ndi mabatire awiri amayendera 24 volts, choncho alternator ya galimoto yaing'ono siingagwireko ntchito. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yotsika mtengo, koma wogula apemphe lisiti ndi kugwirizana ndi wogulitsa kuti ikakapezeka yakufa idzabwezedwa. Pule yake izunguzidwe ndi dzanja: ikamachita phokoso ngati muli mchenga, maberingi atha.

Ntchito yeniyeniyo imafuna zida zochepa. Pa galimoto zambiri za ku Japan, masipanala a 10, 12 ndi 14 amakwanira. Galimoto iimikidwe pamalo osatsetsereka, handibuleki ikokedwe, miyala iikidwe kumatayala, kiyi achotsedwe, ndipo injini isiyidwe izizire. Ngati pafunika kulowa kunsi, jeke payekha sadalirika, makamaka pa dothi lofewa la kudambo. Galimoto ikhazikidwe pa zitsulo zochirikizira kapena zipika zolimba.

Chinthu choyamba kumasulidwa ndi waya wa batire wa mbali ya chizindikiro chochotsera, amene kawirikawiri amakhala wakuda. Lamulo ili lilibe chidule. Waya wonenepa wa kumbuyo kwa alternator amalumikizana ndi batire nthawi zonse, ngakhale kiyi ali m'thumba. Sipanala ikakhudza nati ya wayayo ndi chitsulo cha injini nthawi imodzi, moto umathetheka, sipanala imapsa, ndipo mphete kapena wotchi yachitsulo imatha kuwotcha munthu mpaka mnofu. Waya wochotsedwayo apindidwire kumbali kuti asabwerere yekha pamutu wa batire.

Asanakhudze lamba, mwini galimoto ajambule ndi foni momwe lambayo wadutsira pa mapule. Anthu amaseka langizo ili mpaka atakhala masana onse akuyesa kukumbukira njira ya lamba mmodzi wozungulira mapule asanu. Pa injini zina lamba amamasuka pokhwefula bawuti lapamwamba ndi lapansi n'kukankhira alternator cha ku injini; pa zina pali kapule kokhala ndi sipuling'i kamene kamakankhidwa ndi sipanala yaitali. Lamba akachoka, pulagi izulidwe pofinya kachogwirira kake, osati pokoka mawaya, chifukwa pulasitiki imene yakhala zaka pa kutentha kwa injini ndi kwa kunyanja kuno imathetheka msanga. Kenako amasule nati ya waya wonenepa, amalizire mabawuti, alternator n'kutuluka. Ikakanirira, igwedezedwe pang'onopang'ono. Hamala imaswa makutu ake, poti ndi a aluminiyamu.

Kuika yatsopano ndi kubwerera m'mapazi omwewo. Mabawuti ayambe alowetsedwa ndi zala, ndipo asamangitsidwe mpaka lamba atakhala m'mizere ya mapule onse. Kukunga lamba ndiko kumene ambiri amalakwitsa. Wolefuka satchaja, wokungika kwambiri amadya maberingi m'miyezi yochepa. Pa injini zokungidwa pamanja, lamba akadinidwa ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri otalikirana alowe pafupifupi sentimita imodzi. Waya wonenepa amangidwe zolimba ndi kuvundikiridwa ndi kachipewa kake ka labala, pulagi ilowe mpaka imveke kuti thwa, ndipo waya wa batire abwezeretsedwe pomalizira penipeni. Batire likakhala litatheratu, litchajidwe kaye kwa otchaja mabatire. Kusenzetsa alternator yatsopano batire louma kumailemetsa kwambiri ndipo kungathe kuipsereza. Injini ikalira, kanyali kofiira kazime, ndipo kamita kaja kaonetse pakati pa 13.5 ndi 14.5, nyali zili zoyaka.

Pali galimoto za mitundu iwiri zimene eni ake ayenera kuchenjera nazo mwapadera. Hiace ndi Dyna zambiri zakale za dizilo, monga zokhala ndi injini ya 3L ndi 5L, zili ndi pampu yothandizira mabuleki yomangidwa pa alternator pomwepo, pamodzi ndi timapaipi ta oyilo. Paipi imodzi ikaiwalika kapena kumangidwa mokhwepa, oyilo amatha mu injini, kapena buleki imauma ngati mwala. Woyendetsa amene angazindikire zimenezi akutsika Chiweta atanyamula anthu amakhala atachedwa. Pa galimoto zotere, ntchito ikatha buleki iyesedwe pabwalo kangapo isanalowe mumsewu, ndipo amene sanamasulepo chipangizo chotere aitane makaniko. Mtundu wachiwiri ndi wa galimoto za hybrid za Toyota, monga Aqua ndi Prius. Izi zilibe alternator konse. Batire laling'ono limatchajidwa kuchokera ku batire lalikulu kudzera m'chipangizo china, ndipo mawaya ake a mtundu wa olenji amanyamula moto wokhoza kupha munthu. Zimenezo si za pakhomo.

Alternator yatsopano idzafa ngati yakale ija ngati chimene chinaipha sichinachoke. Kuno adani ake aakulu ndi oyilo wodontha kuchokera pamwamba pa injini, amene amasakanikirana ndi fumbi n'kumata maburashi, ndiponso madzi amatope a m'njira za m'sikimu m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene mvula ya kuno imafika pachimake. Pakhale podontha, pakonzedwe tsiku lomwelo. Lamba wakale, ngati sanaduke, asungidwe m'buti pamodzi ndi sipanala ya 12 ndi ya 14. Alternator yochotsedwayo isaperekedwe msanga kwa ogula zitsulo zakutha: ikaikidwa maburashi atsopano n'kukulungidwa m'thumba louma, idzakhala ikudikira nyengo yokolola ikubwerayo.